Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zamaphunziro: ana akugwa Chingerezi chifukwa sitinawapatse chowerenga

Olemekezeka a Nduna ya Zamaphunziro, a Mlembi Wamkulu mu Undunawu, akuluakulu a MANEB, a MIE (bungwe lokonza silabasi) ku Domasi, a NCHE (bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede), ndi inu otsogolera sukulu za ukachenjede za boma,

Landirani moni wathu waulemu. Ndife aphunzitsi a Chingerezi m'sukulu za sekondale za boma, ambiri a ife a m'ma CDSS, ndipo kalatayi taiika poyera dala kuti makolo ndi ophunzira aione nawo, popeza eni nkhani ndi iwowo. Tikudziwa kuti madandaulo ofika kumaofesi anu ndi ochuluka: zipinda zophunziriramo, madesiki, nyumba za aphunzitsi, malipiro. Ife tabwera ndi limodzi lomwe silioneka ndi maso munthu akayendera sukulu, koma chaka ndi chaka likubweza ana anzeru pakhomo la yunivesite. Ana athu akufika Fomu 4 asakutha kumva zomwe akuwerenga m'Chingerezi.

Malamulo mukuwadziwa kuposa ife. Mwana akapeza 9 m'Chingerezi pa MSCE, satifiketi palibe, ngakhale maphunziro ena onse atakhoza. Akapeza 7 kapena 8, satifiketi angatenge, koma ku UNIMA, Mzuni, LUANAR, MUST, MUBAS ndi KUHeS sangasankhidwe, chifukwa kumafunika makirediti asanu ndi limodzi ndipo Chingerezi chiyenera kukhala pomwepo. Kale ofuna malo ku University of Malawi ankalembanso mayeso apadera olowera. Lero MSCE ndiyo ikugwira ntchito imeneyo. Ndiponso Biology, Geography, History, Agriculture, onsewa mafunso ake amabwera m'Chingerezi, choncho mwana wosamva ndime amataya malikisi pa pepala lililonse lomwe wakhalira pansi.

Lamulo lofuna kirediti ya Chingerezi sitikulitsutsa. Mabuku a ku yunivesite ali m'chilankhulo chimenechi, ndipo kutumiza mwana kumeneko asakumva n'kumupha chabe. Chotipweteka n'chakuti tikufunsa ana luso lomwe dongosolo lathu silinapatule nthawi, mabuku kapena njira yowaphunzitsira.

Vuto limodzili labala madandaulo angapo. Loyamba ndi ili: mwana amalowa Fomu 1 popanda woyeza kawerengedwe kake. Kupulayimale amayamba ndi Chichewa, pofika Sitandade 5 maphunziro n'kutembenukira ku Chingerezi. Kwa mwana woyamwira Chitumbuka, Chiyao, Chisena kapena Chitonga, Chingerezi ndi chilankhulo chachitatu. Pa kafukufuku wa SACMEQ wa 2007, woyerekeza sukulu za maiko a kummwera ndi kummawa kwa Africa, ana a Sitandade 6 a ku Malawi ndi ku Zambia ndiwo anali kumapeto kwenikweni pa kuwerenga pakati pa maiko onse omwe anayezedwa. National Reading Programme yomwe inayamba mu 2016 tikuiyamikira, m'mera mpoyamba, koma inalunjika pa Sitandade 1 mpaka 4. Kuchoka apo mwana amayenda yekha. Akakhoza PSLCE timangoti ndiye kuti amatha kuwerenga, n'kumupatsa buku la silabasi. M'kalasi imodzi mumakhala wina wowerenga akulondola ndi chala liwu ndi liwu, milomo ikugwedera, ndi wina wotha tsamba mnzakeyo asanafike pakati, ndipo onsewo timawapatsa ndime imodzi, mafunso amodzi, nthawi imodzi.

Kuyeza kumeneku sikulira makina. Njira yoyamba ndi ya mphindi imodzi: mwana awerenge mokweza ndime yosavuta, mphunzitsi ali ndi pepala lake lomwe akuchongapo mawu olakwika ndi odumphidwa, mphindi ikatha awerengere mawu omwe atuluka bwino. Aphunzitsi atatu akagawana kalasi ya ana 60, masana awiri ntchito yatha. Yachiwiri ndi ndime yoboolaboola, yomwe m'mabuku a uphunzitsi amaitcha cloze. Tengani ndime ya mawu 300 m'buku lenileni la Fomu 1, la Biology kapena Geography, siyani chiganizo choyamba chathunthu, kenako chotsani liwu lachisanu ndi chiwiri lililonse kuti ana adzaze. Mipata imakhala pafupifupi 40. Muyeso wogwiritsidwa ntchito kawirikawiri ndi uwu: wokhoza kupitirira 60 pa 100 angaliwerenge yekha bukulo, wa pakati pa 40 ndi 60 afunika mphunzitsi pambali, wa pansi pa 40 bukulo lamukulira, ndipo zaka zinayi zonse adzangoloweza manotsi. Pochonga landirani liwu lenileni lokha lomwe linachotsedwa, chifukwa miyesoyi inaikidwa potengera kachongedwe kotero. Mukayamba kuchitira ana chifundo n'kumalandira mawu ofanana nalo, manambala aja satanthauzanso kanthu.

Dandaulo lachiwiri ndi la mabuku, ndipo apa tipempha mutilole tikhalitsepo, chifukwa mpamene pagona nkhani yonse.

Paul Nation wa ku Victoria University of Wellington ku New Zealand ndi anzake anaonetsa kuti munthu amve bwino nkhani popanda womuthandiza, afunika kudziwa mawu 98 pa 100 aliwonse a m'nkhaniyo. Pa tsamba la mawu 300, achilendo asapitirire 6. Akakhala 15, mwana amayendabe koma movutikira. Akafika 30, liwu limodzi pa khumi aliwonse, malangizo aja timakonda kupereka akuti "ganizira tanthauzo poona mawu oyandikana nalo" sagwiranso, poti oyandikanawo nawonso ndi achilendo. Nation yemweyo anawerengera mu 2006 kuti kuwerenga nyuzipepala kapena buku lankhani lolembedwera eni chilankhulo kumafuna mabanja a mawu pakati pa 8,000 ndi 9,000, banja limodzi likuphatikiza mawu ochokera ku tsinde limodzi monga decide, decision ndi decisive.

Mawu ochuluka chotero sangadutse onse pa bolodi. Mphunzitsi atati aziphunzitsa asanu tsiku lililonse, masiku 150 pachaka, zaka zinayi ndi mawu 3,000 okha, ndipo ambiri adzaiwalika, chifukwa liwu limakhazikika mwana akakumana nalo mobwerezabwereza m'nkhani zosiyanasiyana. Njira yomwe ikudziwika ndi kuwerenga kwambiri zinthu zosavuta, n'kumakwera pang'onopang'ono. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Warwick Elley ndi Francis Mangubhai anaika mabuku ankhani pafupifupi 250 m'makalasi a sukulu zakumudzi ku Fiji, komwe ana nawonso Chingerezi si chakwawo, n'kupatula mphindi 20 mpaka 30 patsiku zowerenga. Patatha miyezi isanu ndi itatu, luso la anawo lomva zomwe akuwerenga linali likukwera pa liwiro lowirikiza kawiri la masiku onse. Zimenezi zinachitika zaka zoposa 40 zapitazo, popanda kompyuta, popanda intaneti.

Tsono tiyang'ane mashelefu athu. Pali mabuku a silabasi, omwe ana amagawana atatu kapena asanu. Pali mabuku a Literature ofunsidwa pa mayeso, omwe ambiri amawawerenga kudzera m'mapamfuleti ogula kumsika. Kenako pali mphatso zochokera kunja: mabuku akale a ku yunivesite, mabuku a mbiri ya maiko ena, zinthu zomwe ngakhale mphunzitsi satsegula. Timabuku tankhani tolembedwa mwa masitepe, tomwe mawu ake anachita kuwerengedwa, tikusowa. Mwachitsanzo, m'gulu la Oxford Bookworms sitepe yoyamba imagwiritsa mawu 400 okha, yachisanu ndi chimodzi 2,500, ndipo mwana amakwera yekha. Makolo omwe anadutsa sekondale zaka za m'ma 1980 amakumbukira momwe timabuku ta Pacesetters tinkayendera m'manja mpaka chikuto kuthothoka. Ambiri a iwo Chingerezi chawo chinakhwimira pamenepo, iwo eni akuona ngati akungocheza ndi nkhani.

Ndipo komwe mabuku abwino alipo, nthawi zambiri amakhala m'kabati yokiya ngati mbale za alendo. Sitikuloza chala aphunzitsi aakulu. Buku likasowa, ofunsidwa ndi iwo, koma ana akamaliza chaka osatsegula buku limodzi palibe wofunsidwa. Munthu aliyense wanzeru pamenepo angasunge kiyi m'thumba.

Kagulidwe kakenso kamalakwika. Sukulu ikapeza kandalama imagula makope 60 a buku limodzi, ana n'kulimaliza mwezi umodzi, basi. Ndalama yomweyo itagula mabuku 70 osiyanasiyana, kalasi ya ana 60 ingasinthane chaka chathunthu, aliyense buku latsopano sabata iliyonse, popanda kubwereza. Sukulu ya kalasi imodzi pa fomu iliyonse ifunika mabokosi anayi, mabuku 280. Bokosi la Fomu 1 lichulukitse a masitepe apansi, ndipo ngakhale la Fomu 4 lisasowe osavuta, chifukwa kumeneko aliko omwe akadali m'munsi. Posankha, mwana atsegule tsamba lapakati, awerenge mawu 100, apinde chala pa liwu lililonse lachilendo. Zala zikapitirira zitatu, atsike sitepe. Ana ena amachita manyazi kutenga kabuku kopyapyala pamaso pa anzawo, n'chifukwa chake masitepe azindikirike ndi mtundu wa pepala lomatidwa kumsana kwa buku, osalembapo dzina la fomu.

Dandaulo lachitatu: nthawi yowerenga siili pa ndandanda wa maphunziro. Timauza ana kuti "muzikawerenga kunyumba", titaiwala kuti wa ku CDSS amayenda mtunda wautali, akafika pali madzi otunga, nkhuni, kudimba, ndipo kukada m'nyumba zambiri zakumudzi mulibe magetsi. Mtsikana ndiye amapeza mpata pomalizira penipeni. Ngati kuwerenga sikuchitika pasukulu dzuwa likadalipo, kwa ana ambiri sikuchitika n'komwe, ndipo mpata wa pakati pa iwo ndi anzawo a m'sukulu zogonera konko umangokulirakulira.

Tawerengerani nafe. Mphindi 20 patsiku, mwana wowerenga mawu 120 pa mphindi, ndi mawu 2,400. Pa sabata 12,000. Masabata 30 pachaka, titachotsa a mayeso, 360,000. Zaka zinayi ndi mawu oposa 1.4 miliyoni, pamene mwana wodalira ndime za m'buku la silabasi ndi mapepala a mayeso akale safika ndi pafupi pomwe. Mphindi 20 ndi theka la piriyodi imodzi.

Komwe nthawi yowerengayi inayesedwa n'kufa, imafa ndi zinthu zitatu zodziwika. Mphunzitsi amalanda nthawiyo kuti amalize silabasi. Kapena amafuna kuti mwana alembe lipoti la masamba awiri pa buku lililonse, mwana n'kuona kuti kumaliza buku ndi kudziputira chilango. Chofunika ndi kakhadi kolembapo dzina la buku, tsiku, masamba omwe wawerenga ndi mzere umodzi wa maganizo ake. Kapena mphunzitsi amakhala kutsogolo akuchonga makope, ana n'kudziwa kuti iyi ndi nthawi yopuma. Mphunzitsi nayenso atenge buku awerenge, ana amuone.

Liwiro nalo limaphunzitsidwa, ndipo silitenga nthawi. Mwana wowerenga mawu osakwana 100 pa mphindi amafika kumapeto kwa chiganizo chachitali ataiwala poyambira. Mankhwala ake ndi ndime za mawu 400 zopanda mawu achilendo, kawiri kapena katatu pa sabata. Onse ayambe pamodzi, mphunzitsi azilemba nthawi pa bolodi masekondi khumi aliwonse, womaliza akopere nthawi yake, atembenuze pepala, ayankhe mafunso khumi osayang'ananso ndime. Akakhoza 7 kapena 8 ali bwino. Akakhoza onse khumi ndiye kuti akuchedwa dala, afulumire. Akatsika pa 6 achepetse liwiro. Zotsatira alembe kuchikuto chakumapeto kwa kope kuti aziona yekha akukwera. Zonsezi ndi mphindi khumi. Cholakwika chachikulu ndi kugwiritsa ndime zovuta, poti pamenepo mwana amakhala akulimbana ndi mawu ndipo liwiro silikwera. Ofuna maphunziro a kunja adzakumana ndi mayeso monga IELTS, momwe gawo la kuwerenga lili ndi ndime zitatu za mawu opitirira 2,000 zonse pamodzi, mafunso 40, mphindi 60. Wowerenga mawu 80 pa mphindi theka la nthawiyo lingathere pongodutsa ndimezo kamodzi.

Dandaulo lachinayi likutikhudza ife eni, ndi inu amene mumatiphunzitsa ntchito. Phunziro la comprehension m'makalasi ambiri limayenda chonchi: mphunzitsi kapena mwana mmodzi awerenga mokweza, mphunzitsi amasulira zovuta, ana ayankha mafunso khumi, achongerana, belu lalira. Amenewo ndi mayeso ang'onoang'ono obwerezedwa zaka zinayi. Amene analowa akumva atuluka akumva, amene sankamva watuluka ndi malikisi atatu, osadziwa pomwe anasochera. Ndiye mwana amadzipezera njira yake: kufunafuna m'ndime mawu ofanana ndi a m'funso, n'kukopera chiganizo chonsecho.

Tione chiganizo chimodzi cha mtundu womwe umapezeka m'buku la Agriculture: "Although the fertiliser increased yields in the first season, the farmers who applied it without lime harvested less in later years, because it had made the soil more acidic." Funso likhale lakuti: "Why did some farmers harvest less?" Wokopera aona farmers ndi harvested less, alemba gawo lapakati lonse, lomwe likungobwereza funso. Wina afika kumapeto ndithu, koma mukamufunsa kuti it wachiwiriyo akuimira chiyani, akuti lime, poti ndilo dzina lomwe walidutsa posachedwa. Watembenuza phunziro lonse la Agriculture: akuti laimu ndiye amawonjezera asidi m'nthaka, pamene ntchito ya laimu ndi kumuchepetsa. Mawu onse akuluakulu mwanayu amawadziwa. Chamugwetsa ndi kamangidwe ka chiganizo ndi timawu ting'onoting'ono.

Chiganizo chimenechi chiyenera kudya mphindi khumi pa bolodi. Poyamba ana apeze mneni wamkulu ndi mwini ntchito: aphimbe ndi chala "who applied it without lime", aone kuti chatsala ndi "the farmers harvested less". Kenako ajambule muvi kuchoka pa it aliyense kupita ku dzina lomwe akuimira, ndipo ayese kuika dzinalo m'malo mwake kuti amve ngati zikugwirizana ndi nzeru. Azungulize although ndi because, anene ntchito yake: loyamba likuchenjeza kuti mfundo yaikulu ili kutsogolo ndipo itsutsana ndi zomwe zayambazi, lachiwiri ndilo khomo la yankho. Aone kuti had made akusonyeza chomwe chinachitika poyamba ngakhale chalembedwa kumapeto. Akatero atseke buku, aliyense afotokozere mnzake m'chilankhulo chakwawo. Pomaliza alembe yankho m'Chingerezi, m'mawu awoawo osapitirira 12. Kawiri pa sabata, ndi ziganizo zotengedwa m'mabuku a maphunziro ena, pakutha pa teremu mwana amayamba kudziphwanyira yekha.

Timawu timene timagwetsa ana si tambiri: although, whereas, despite, unless, however, otherwise, rather than. Palinso hardly, yemwe ana amamumva ngati "molimbika" pamene akutanthauza kuti chinthucho chinangotsala pang'ono kusachitika n'komwe, ndi kusiyana kwa few ndi a few. Limodzi mwa amenewa likamveka molakwika, ndime yonse yagadabuzika. Koma m'makalasi timawaphunzitsa ngati mafunso a galamala odzaza mpata, kutali ndi ndime zenizeni.

Pa zotseka buku n'kufotokoza m'chilankhulo chakwawo tikudziwa kuti ena akwinya nkhope, poti sukulu zambiri zili ndi lamulo loletsa "vernacular", zina mpaka kulanga nalo. Ife tikuti pabwalo la sukulu limbikitsani Chingerezi mmene mungathere, koma m'phunziro la kuwerenga mphindi ziwiri za Chichewa kapena Chitumbuka ndizo zimaulula ngati mwana wamva. Wokopera angabwereze chiganizo cha Chingerezi osaphonya liwu. Kuchinena m'chilankhulo chake sangathe pokhapokha atachimvetsa. Choyenera kupewa ndi mphunzitsi kumasulira ndime yonse iye mwini, chifukwa ana amangodikira kumasulirako, maso osagwira ntchito.

Note-making ndi summary zimagwa pa chifukwa chomwechi. Mwana amene sanazolowere kufunsidwa kuti "ndime iyi ikunena chiyani, m'mawu khumi" sangasiyanitse mfundo ndi chitsanzo, ndiye amakopera zonse kapena kudula mwachisawawa. Chizolowezicho chiyambe Fomu 1, ndime imodzi patsiku, pakamwa pokha ngakhale osalemba.

Zinthu zimenezi mphunzitsi sabadwa nazo. M'ma CDSS ambiri Chingerezi chili m'manja mwa mphunzitsi amene anaphunzira za pulayimale kapena za phunziro lina, amene akugwira ntchito modzipereka koma sanaonetsedwepo njirazi. Amaphunzitsa momwe anaphunzitsidwira.

Dandaulo lachisanu ndi la mawu opanda mwini. Pali mawu monga analyse, factor, significant, assume, occur ndi derive, omwe amadzaza mabuku a sukulu ndi mafunso a mayeso. Wa Biology amati amenewo ndi a mphunzitsi wa Chingerezi, wa Chingerezi sakumana nawo kwenikweni m'nkhani zomwe akuphunzitsa. Averil Coxhead anasonkhanitsa mawu oterewa mu 2000, mabanja 570, omwe amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mawu a m'mabuku a ku yunivesite. Mndandandawu umapezeka mwaulere. Mukaugawa pa masabata 60 a Fomu 3 ndi Fomu 4, ndi mawu pafupifupi khumi pa sabata. Liwu lililonse likhale pa kakhadi, kutsogolo liwulo, kumbuyo tanthauzo m'chilankhulo chakwawo ndi chiganizo chimodzi cha m'buku la phunziro lina, ndipo mwana adzifunse mawa lake, pakatha masiku atatu, pakatha sabata, pakatha mwezi. Kuloweza mawu 50 usiku umodzi kumangokwanira mayeso a mawa lake.

Chomaliza, tikugwira ntchito mumdima. Zotsatira za MSCE zimapereka nambala imodzi ya Chingerezi chonse, choncho sukulu singadziwe ngati ana ake anagwa pa chimangirizo, pa comprehension kapena pa Literature. Nawonso aphunzitsi a ku yunivesite, omwe amalandira anawa m'chaka choyamba n'kuwaphunzitsa luso la chilankhulo ndi kulemba, amaona bwino lomwe pomwe akuperewera, koma palibe njira yokhazikika yoti zomwe akuonazo zibwerere kusekondale.

Pa zifukwa zimenezi, tikupempha mwaulemu izi:

1. Unduna ulamule kuti sukulu iliyonse ya sekondale ya boma, kuphatikizapo ma Open School, iike pa ndandanda wa maphunziro mphindi 20 zowerenga mwakachetechete tsiku lililonse, Fomu 1 mpaka Fomu 4, ndipo oyendera sukulu aziona makhadi a ana owerengera monga momwe amaonera ma scheme of work.

2. Mwana aliyense ayezedwe kawerengedwe m'masabata atatu oyamba a Fomu 1 ndi njira ziwiri tafotokozazi, ayezedwenso poyamba Fomu 3. Opezeka pansi pa 40 pa 100 apatsidwe maphunziro apadera a kuwerenga m'teremu yoyamba yomweyo, m'magulu osapitirira ana 20.

3. Pa ndalama zogulira mabuku papatulidwe gawo la timabuku tankhani ta masitepe, bokosi la mabuku 70 osiyanasiyana pa kalasi iliyonse, kuyambira ma CDSS akumudzi. MIE iitane alembi a m'dziko muno kuti alembe timabuku totere pa masitepe odziwika, ndipo National Library Service ithandize kuti sukulu zoyandikana zizisinthana mabokosi pakutha pa chaka.

4. Lamulo la kasungidwe ka mabuku lisinthe: pakhale chiwerengero chovomerezeka cha mabuku omwe angathe kutha kapena kusowa pachaka popanda kuimba mlandu mphunzitsi wamkulu, ndipo sukulu izifunsidwa kuti ndi mabuku angati omwe abwerekedwa teremu ino.

5. MIE itulutse mndandanda wa mawu oyenera kudziwika pofika kumapeto kwa fomu iliyonse, pamodzi ndi kabuku ka ndime zoyesera liwiro, ndipo olemba mabuku a silabasi a maphunziro onse azitsata mndandandawo. Zonsezi zikhale zololedwa kukopera pa fotokope ndi kutumizirana pa WhatsApp.

6. Ku Domasi College of Education, ku Nalikule ndi m'mayunivesite ophunzitsa aphunzitsi, kaphunzitsidwe ka kuwerenga kakhale phunziro lokakamiza kwa aliyense, wa sayansi yemwe. Kwa amene ali kale pantchito, maphunziro achitikire m'ma cluster, magulu a sukulu zoyandikana, ndi ana enieni m'kalasi yeniyeni, wophunzitsayo agwire choko aonetse.

7. MANEB izipatsa sukulu iliyonse zotsatira za Chingerezi pepala ndi pepala, ndipo malipoti a akulu ochonga mayeso aziikidwa pa intaneti pomwe mphunzitsi aliyense angawapeze pa foni.

8. NCHE igwirizane ndi mayunivesite asanu ndi limodzi a boma kuti aziyeza kawerengedwe ka ophunzira atsopano sabata yoyamba, osati pofuna kubweza wina, ndipo zotsatira zake, zopanda maina, zizitumizidwa ku Unduna ndi ku MIE chaka chilichonse.

9. Ana osaona ndi oona movutikira asaiwalike pa zonsezi: bokosi lililonse lopita kusukulu yomwe ili ndi ana otere likhale ndi mabuku a braille ndi a zilembo zikuluzikulu, mothandizana ndi akatswiri a ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu.

Pempho loyamba, lachiwiri ndi lachinayi safuna bajeti yatsopano. Kalata imodzi yochokera kulikulu kupita ku ma division asanu ndi limodzi a maphunziro ingawayambitse teremu ikubwerayi, ndipo pomwe mabokosi sanafike sukulu zingayambe ndi nyuzipepala zakale zodulidwa n'kumatidwa pa makatoni, ndi nkhani zaulere za pa intaneti za African Storybook kwa omwe ali pa sitepe yapansi. Pa zotsalazo tikupempha yankho lolembedwa, lonena zomwe mwavomera ndi nthawi yomwe zidzayambe, kuti makomiti a makolo ndi aphunzitsi adziwe choyembekezera.

Ndife anu pantchito yophunzitsa,

Aphunzitsi a Chingerezi a m'sukulu za sekondale za boma